Mukamakaona yunivesite, suzumiraninso kuseri

[Pazenera: geti la yunivesite, achinyamata akulowa ndi makolo awo]

Moni nonse, makamaka inu amene mukumaliza sekondale ndipo mwayamba kuganiza za yunivesite yoti mukaphunzireko. Makolo, nanunso musachoke, nkhaniyi ndi yanunso. Lero tikambirana za ulendo wokaona kampasi musanatumize fomu kapena musanavomere malo amene akupatsani.

Mayunivesite ambiri amakonza tsiku lolandira alendo. Amakupatsani wophunzira wansangala woti akuyendetseni, ndipo iyeyo sakunamizani ayi. Kungoti njira imene akudutsitseni inasankhidwa kale ndi ofesi yokopa ophunzira atsopano: holo yatsopano, bwalo la masewera, kapinga wotchetcha bwino. Mlendo akamabwera aliyense amasesa pabwalo, ziwiya zakuda n'kukankhira kuseri. Koma inu simudzakhala mlendo. Mudzakhala pamenepo zaka 3 kapena 4, a udokotala mpaka 5 kapena 6, ndiye kuseriko n'kofunika mukakuone.

[Pazenera: mapu a mzinda, madontho awiri otalikirana]

Funso loyamba likuoneka lachibwana, koma ambiri limawapita: kodi kosi yanga imaphunzitsidwa pomwe ndaima pano? Yunivesite imodzi imatha kukhala ndi makampasi angapo. Makerere ya ku Kampala, yomwe inayamba mu 1922, ili paphiri la Makerere, koma ophunzira udokotala amakhala ku Mulago, kufupi ndi chipatala chachikulu. Ku University of Cape Town, kampasi yokongola ija imene mumaiona pazithunzi ili m'munsi mwa phiri la Devil's Peak, pomwe a zaumoyo ali kudera lotchedwa Observatory, pafupi ndi chipatala cha Groote Schuur. Cambridge ya ku England nayo ili ndi makoleji 31 omwazikana mumzinda, ndipo moyo wa wophunzira umadalira kwambiri koleji imene walowa. Mutha kutha tsiku lonse mukusirira nyumba zimene simudzalowamo n'komwe.

Mukadziwa kumene kuli dipatimenti yanu, pitani kumeneko, ngakhale gulu likulowera kwina. Imani pa bolodi la zidziwitso. Bolodi limeneli ndimalikonda chifukwa silikongoletsedwera alendo. Pamakhala ndandanda ya makalasi, masiku a mayeso, kapepala konena kuti kalasi yasinthidwa chipinda, mwinanso kuti mphunzitsi sabwera. Muone ngati mapepalawo ndi a semesita ino kapena ndi achikasu, opiringizika m'makona, a zaka zapitazo.

Pemphani kulowa m'kalasi ya chaka choyamba, mukhale kumbuyo kwenikweni. Mukumva mawu a mphunzitsi? Mukuona zolembedwa kutsogolo? Alipo amene akhala pamasitepe chifukwa mipando yatha? Ngati mukufuna sayansi, lowani mu labu muwerenge mamaikulosikopu, kenako mufunse kuti gulu limodzi limalowa anthu angati. Zida 10 kwa anthu 20 n'zosiyana kwambiri ndi zida 10 kwa anthu 80, chifukwa pamenepo ena amangoonera anzawo akugwira. Funsaninso amene amaphunzitsa chaka choyamba. Mapulofesa otchuka amene ali pa webusaiti nthawi zina amakhala otanganidwa ndi kafukufuku komanso ophunzira a Masters ndi PhD, inu n'kudzakumana nawo chaka chomaliza.

[Pazenera: satifiketi yokhala ndi chidindo]

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene anthu amalira pambuyo pake. Yunivesite kukhala yolembetsedwa ndi boma ndi nkhani ina, kosi yanu kukhala yovomerezeka ndi bungwe la ntchitoyo ndi nkhani inanso. Unamwino, udokotala, uinjiniya, zamalamulo, ntchito zonsezi m'maiko ambiri zili ndi mabungwe amene amapereka chilolezo chogwirira ntchito. Ngati bungwelo silikuidziwa kosiyo, mudzavala gauni, mudzajambulitsa, koma chilolezo sadzakupatsani. Mukamva kuti "tili mkati mokonza zimenezo", dziwani kuti sinavomerezedwe. Funsani dzina la bungwe limene linavomereza, mulilembe, ndipo mukafika kunyumba mukafufuze pa webusaiti ya bungwelo, osati ya yunivesite.

Ngati mumalakalaka kudzagwira ntchito kunja, pitirirani pamenepo. A uinjiniya, pali mgwirizano wotchedwa Washington Accord, umene unasainidwa mu 1989, woti mabungwe a maiko amene ali mumgwirizanowu azizindikira madigiri ovomerezedwa ndi anzawo. A udokotala, fufuzani ngati sukuluyo ili mu World Directory of Medical Schools, womwe ndi mndandanda wa sukulu za udokotala padziko lonse, chifukwa mabungwe ena opereka chilolezo amayang'ana mmenemo asanakuloleni kulemba mayeso awo. Zimenezi zimatenga mphindi zochepa pa intaneti, koma zimakhudza moyo wanu wonse wapantchito.

[Pazenera: ophunzira atatu akucheza pansi pa mtengo]

Kenako pezani wophunzira wa chaka chachiwiri kapena chachitatu wa kosi yomwe mukufunayo, wokuyendetsani uja ali patali. Wa chaka choyamba akadali wosangalala, womaliza maganizo ake ali kale panja. Wapakatiyu ndi amene akuuzeni zoona. Musamufunse kuti "kuno n'kwabwino?" chifukwa angoti eya. Mufunseni kuti munayamba angati ndipo mwatsala angati. Zotsatira za mayeso zimatuluka pakapita nthawi yaitali bwanji? Munthu akalephera phunziro limodzi amapatsidwa mwayi wolembanso, kapena amabwereza chaka? Malo a atachimenti amakupezera ndi dipatimenti kapena umadzisakira wekha? Safunsa anadya phula, abale anga, ndipo ophunzira ambiri amakondwa kuyankha ukawafika mwaulemu.

Ku hositelo, chipinda chimene amaonetsa alendo chimakhala chokonzedwa. Pemphani kuona chimene mukugona anthu. Muli mabedi angati, masoketi angati, zenera limatsekeka? Lowani kubafa mutsegule mpope, muone ngati madzi akutuluka. Ndipo funsani mosapita m'mbali ngati malo ogona ndi otsimikizika zaka zonse, pakuti m'mayunivesite ambiri amatsimikizira a chaka choyamba okha, enawo amakachita lendi kunja. Ndalama zimene makolo anawerengera zimasintha pomwepo.

Yendani wapansi kuchokera kulaibulale kukafika kuhositelo, mukuyang'ana m'mwamba. Mababu a m'njira alipo, kapena yatsala mitengo yokha? Njira imeneyi mudzaiyenda usiku nthawi ya mayeso. Atsikana, funsani atsikana anzanu ngati amayenda okha kukada, komanso kumene amakadandaula wina akawachita chipongwe. Ngati muli ndi ulumali kapena matenda ofuna mankhwala nthawi zonse, onani nokha masitepe, zitseko za zimbudzi ndi kiliniki, musangomva kuti "zonse zilipo".

Kuofesi ya zachuma, pemphani pepala la fizi, kenako mufunse zimene sizili papepalapo: mabuku, zovala za mu labu, maulendo a kalasi, inshuwalansi. Funsaninso tsiku lotsekera kufunsira thandizo la fizi, chifukwa nthawi zina limakhala losiyana ndi tsiku lotsekera mafomu, komanso chimene chimachitika fizi ikachedwa nthawi ya mayeso itakwana.

Makolo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musiyeni mwana afunse yekha, mwinanso ayende yekha kwa ola limodzi. Adzatsala pamenepo ndi iyeyo.

Ngati n'kotheka, bwereraninso tsiku wamba mkati mwa sabata, sukulu ili mkati, osati pa holide. Mukaona mzere wa kukafeteriya, phokoso la m'makhonde, ndiponso ngati mulaibulale mumapezeka pokhala. Amene yunivesite ili kutali kwambiri moti simungafikeko, onani mtunda wa pakati pa nyumbazo pa Google Maps, onerani mavidiyo ojambulidwa ndi ophunzira eni ake, ndipo lemberani dipatimenti imelo yokhala ndi mafunso omwewa. Mayankho onse muwalembe m'kope tsiku lomwelo, yunivesite iliyonse tsamba lake, mafunso ofanana, kuti makalata okuitanani akadzafika mudzathe kuziyerekeza bwinobwino.