Laminate ikamaterera tiyambe tayang'ana mundowa mwathu

Chabwino tiyambe anzanga okolopa m'maofesi, amene muli kumbuyoko sunthirani kuno. Nonse mwamva za mayi uja anagwa mukolido ya ofesi sabata yatha mpaka dzanja kuthyoka, ndiye aliyense akungoti panali madzi panali madzi. Ayi ndithu, panali pouma gwa. Chinawagwetsa ndi polishi, wina anapaka pansi pa laminate paja kuti pawale.

Mvetsetsani anzanga, laminate si thabwa olo imaoneka ngati thabwa. Mizere mumaiona ija ndi chithunzi chabe chosindikiza papepala, pamwamba anamata pulasitiki wolimba wotchedwa melamine, mkati muli bolodi la utuchi wopanikiza lomwe amati HDF. Pamwamba paja sipamwa kanthu. Simenti imamwa polishi, thabwa lenileni limamwa, koma apa chilichonse mwathira chimangokhala pamwamba, munthu akaponda ndi nsapato yosalala kunsi basi wapita. Polishi pa laminate ayi. Ndibwerezenso, polishi ayi.

Sopo nayenso. Ena mwa inu ndimakuonani, mumathira mpaka thovu kusefukira mundowa ati ndiye ukhondo umenewo. Sopo wotsala uja akauma sachoka, mawa mwawonjezera wina pamwamba pake, mkuja winanso, kenako tsiku la chinyontho pansi ponse pangokhala ngati ndere pamwala wa kumtsinje. Palinso mankhwala opopera matebulo aja, ambiri amakhala ndi zoterera zotchedwa silikoni, mukapopera m'mwamba timadontho timagwera pansi mozungulira desiki, simungatione koma phazi limatipeza. Poperani pansalu. Mnyamata wina tinkagwira naye ntchito, wakhama zedi, ankachoka ndi chikolopa kukhitchini n'kupita nacho kolandirira alendo, mafuta onse kuwamwaza pakhomo penipeni polowera anthu, iye osadziwa kanthu.

Eee mayi, mwakweza dzanja? Akuti abwana a pa ofesi amawakalipira kuti pansi sipakuwala, ndiye atani. Zoona mayi, zimachitika ndipo zimawawa, munthu watuluka thukuta wina n'kumati sunakolope. Koma kuwala kwa laminate kumachokera kufakitale, ina anaipanga dala yosawala, olo mupake chiyani siisintha. Ndipo nthawi zambiri ikamaoneka yofiphala ndi zotsalira zomwe zija za sopo ndi polishi, ndiye mankhwala ake ndi kuchotsa osati kuwonjezera. Tengani mankhwala olembedwa kuti ndi a laminate, yesani kaye pakona posaonekera, pukutani pang'onopang'ono ndi nsalu mpaka chala chisiye kutsetsereka. Osakwecha ndi waya wa mapoto chonde, mukakanda pamwamba paja sipabwereranso, chatsala ndi kusintha chidutswa chonsecho. Abwana akaumirirabe auzeni mwaulemu kuti munthu akagwa woyamba kufunsidwa ndi inuyo, akapanda kumva muwatumize kwa ine tikambirane. Koma polishi musapake mayi.

Za madzi, musathire ambiri chifukwa amalowa molumikizira, bolodi lija limatupa, m'mbali n'kutukuka ndiye anthu ayambanso kupunthwa. Makina okolopera ndi nthunzi aja chimodzimodzi.

Ndikuona ena mwayamba kusuzumira mafoni, ndithamange. Sesani kaye kapena gwiritsani huva, fumbi nalonso limatereretsa. Chikolopa chikhale cha microfiber, nsalu ya timaulusi tating'onoting'ono ija, finyani mpaka chisadonthe, mankhwala thirani muyeso walembedwa pabotolo osati wa m'maso, madzi akada sinthani. Kolido kolopani mbali imodzi anthu azidutsa inayo, chikwangwani chachikasu chochenjeza kuti panyowa chiime mpaka pataumiratu, pakauma chichotseni chifukwa chikamangokhala tsiku lonse anthu amasiya kuchiona. Kukamagwa mvula ikani chopondera pakhomo, chikanyowa sinthani, tiyi akatayika pukutani pompopompo. Chikolopa cha kukhitchini chizikhala kukhitchini.

Amene muli ndi zitini za polishi m'makabati a kumaofesi a laminate mubwere nazo mawa m'mawa, ndizilandira ndekha.