Bawo ya pansi pa mtengo wa mango ku Mufakose

Moni nonse abale anga a ku Malawi okhala kuno ku Harare, a ku Mbare, a ku Epworth, a ku Dzivarasekwa, ndi inu amene mukumvera muli ku Joni kapena kumudzi. Phokoso mukulimva kumbuyoku ndi jenereta ya aneba, magetsi anazima m'bandakucha. Foni yanga yatsala ndi moto pang'ono, ndiye ikathima pakati pa nkhani musati ndakwiya.

Lachisanu lapitali bwana wanga wa ku Borrowdale anandiitanira pakhonde. Akuti chitsime chauma, kapinga sitithiriranso, uzibwera masiku awiri okha pa sabata mpaka mvula igwe. Chabwino, chilimwe sichinalengedwe ndi iye. Nanga ndalama yanga ya Sepitembala? Akuti tidzaphatikiza ndi ya Okutobala. Madola 40 anga ali m'thumba mwake mpaka lero. Zaka 6 ndikumudulira mpanda munthu ameneyu, galu wake atadwala ndinagona naye m'galaja ndine. Ndiye pomaliza akundisisita paphewa, akuti inu a ku Malawi ndinu anthu okhulupirika.

Abale, mawu amenewo muziwaopa. Akatiyamikira chonchi timamwetulira ngati talandira mphatso, koma ndi pomwe amatidyera. Munthu wokhulupirika sakangana, wokhulupirika amadikira, wokhulupirika ukamuuza kuti mawa amati zikomo bwana. Agogo athu anamva zomwezi m'mafamu a fodya, ife tikumvanso m'mayadi. Lembani masiku anu m'kabuku. Lembani! Tsiku mwalowa, tsiku mwalandira, zingati. Kukhulupirika sikulipira lendi.

Koma si zimene ndimafuna kukamba, ndasochera.

Lolemba ndinadzuka 4 koloko monga mwa nthawi zonse, kuvala nsapato, kenako kukumbukira kuti kulibe kopita. Ndinakhala pabedi ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe. Kutacha ndinati ndingoyenda, ndinakafika m'tauni, mbali ya ku Avenues. Jacaranda ali pachimake tsopano, msewu wonse wofiirira m'mwamba ndi pansi pomwe. Maluwa amenewa ine ndawasesa zaka ndi zaka, ndikuwatukwana kuti amaterera komanso amabisa njuchi, ina inandiluma chala chaka chatha. Kwa ine zinali zinyalala basi. Tsiku limeneli ndi pamene ndinakweza mutu. Ndinaima mpaka hwindi, woitanira anthu pa kombi, anandikalipira kuti ndatseka njira.

Madzulo ake ndinapita ku Mufakose kukaona msuweni wanga, osamupeza. Pobwerera ndikungomva pansi pa mtengo wa mango munthu akuti, "Takata iwe, ukuchedwa chiyani!" Chichewa chakale, chokoma, chija amayankhula agogo kumudzi. Madala anayi azungulira bawo. Si bawo yosema ayi, angokumba maenje pansi, mizere inayi ya maenje 8, ndipo m'malo mwa nkhomo akusewerera timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Anzathu a Chishona ali ndi tsoro yawo, koma iyi inali yathu, nyumba yake ili pamalo pake.

Ine pakamwa simundidziwa? Ndinati agogo, kwathu ku Ntcheu palibe anandidyapo. Mdala wina wa ndevu zoyera anangosendera, nati, "Khala apa mdzukulu, tione za ku Ntcheuzo." Abale, anandidya katatu. Katatu! Dzanja lake limanjenjemera akamanyamula kapu ya madzi, koma likalowa m'maenje silisokoneza mwala ngakhale umodzi. Sathamanga. Amayang'ana, milomo ikuwerenga chamumtima, ntchentche ikutera pabondo iye osaithamangitsa, kenako wayamba kufesa, uku akudya, uko akudya, ine mzere wanga wakutsogolo mbee. Kachitatu ndinanamizira dzuwa kuti limandithobwa m'maso.

Mdalayu kwawo ndi ku Dedza. Anabwera kuno nthawi ya Chitaganya, chisanathe mu 1963, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, kumudzi akuti wapita ku Halale. Akuti anangobwera kudzagula njinga. Kwacha yathu inayamba mu 1971, iye sanagulepo nayo ngakhale mchere. Anandifunsa ngati phiri la Dedza likadali ndi mitengo yake. Ndinati ilipo agogo. Mukudziwa nokha mmene makala atithera mapiri, koma ndikanati chiyani kwa munthu wotere?

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Inenso ndinauza amayi kuti ndi zaka ziwiri zokha, ndikagule malata. Chino ndi chaka cha 9. Mawu akuti mtchona timaseka nawo anzathu, koma palibe amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndatchona. Zimangochitika uli kalikiliki kuthamangira kombi.

Komabe ndisaname, masiku amenewa ndikuwamva kukoma, ngakhale thumba likulira. M'mawa ndimathirira bonongwe ndi nkhwani zimene ndadzala m'matumba a simenti kuseri kwa nyumba, ndi madzi otsukira mbale. Munthu wosamala maluwa a eni zaka zonsezi, ndinalibe ngakhale phata limodzi langalanga. Mayi a nyumba amati muboora wako ndi wonenepa, ine ndimati ndi nkhwani mayi, dzanja la ku Malawi. Ndaphikanso thobwa, osati mahewu a m'botolo, thobwa weniweni wa chimera. Ndinatengera madala aja m'chigubu, wina anamwa osayankhula mpaka kugwedeza chigubu kuti aone ngati watsala.

Ndiwo ndiye musandiyambitse. Kapenta wa ku Kariba ndimadya, sindikana, koma wina asadzandiuzenso kuti ndi chimodzimodzi ndi usipa. Kapentayo ngakhale ku Kariba ndi wobwera, anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika. Ndi mtchona mnzathu. Pano ndikungodikira masuku, awa amati mazhanje kuno, akayamba kufika pa Mbare Musika ndidzagula kambale kamodzi n'kukhala pansi kulavula nthangala ngati mwana.

Mawa Lachinayi ndi tsiku la ntchito, ndikafunsanso madola anga, ndipo kabuku ndagula. Loweruka ndikubwerera ku Mufakose, mdala uja ndamuphunzira, amakonda kuyambira kumanja. Ndiye pempho langa ndi ili: amene mukukwera basi kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda, chonde munditengereko nkhomo 64. Sizilemera, zimakwana m'sokosi imodzi. Ndikufuna mdala uja azimvenso kulira kwake m'dzanja, ngakhale azindidya nazo. Foni yayamba kuphethira, tionana.