Amayi, za mawu aja akuti "online" pa WhatsApp

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, musade nkhawa. Uthengawu muumvetsere achimwene ali pafupi, foni ili m'manja mwawo.

Munandifunsa kuti bwanji ndimaoneka "online" koma osakuyankhani. Mawu amenewo amangosonyeza kuti WhatsApp ndi yotsegula pafoni ndipo intaneti ikugwira, basi. Satanthauza kuti ndawerenga uthenga wanu. Nthawi zambiri ndimakhala ndikuyankha abwana, poti kuno zakuntchito zimadutsa momwemo. Inu muziyang'ana timizere tija tapansi pa uthenga. Kakakhala kamodzi kotuwa ndiye kuti wachoka kwa inu, tiwiri totuwa wafika pafoni panga, tikasanduka tabuluu ndiye kuti ndautsegula.

Koma chimene chandilankhulitsa kwenikweni ndi foni yanu. Ngati posankha amene angakuoneni pa WhatsApp inasiyidwa pa "Everyone", kutanthauza aliyense, ngakhale munthu amene simunasunge nambala yake, monga aja amalemba ngati alakwitsa nambala inu n'kuwayankha, angathe kuona kuti muli pa intaneti komanso nthawi imene munatsegula komaliza. Akuba a pafoni ndi ochenjera, Amayi, sindikufuna azidziwa nthawi imene mumagona ndi kudzuka.

Achimwene, chitani chonchi. Dinani timadontho titatu tapamwamba chakumanja, mulowe pa Settings, kenako Privacy, kenako "Last seen and online". Pamwambapo musankhe "My contacts", kutanthauza okhawo amene nambala zawo zinasungidwa mufoni. Pansi pake, pamene akufunsa za online, musankhe "Same as last seen". Gawo lapansili analiwonjezera mu 2022, ndiye mukapanda kuliona, WhatsApp yawoyo ndi yakale, muilowetse yatsopano kuchokera pa Play Store.

Koma chonde musasankhe "Nobody". Mukabisira aliyense, nanunso simuonanso za anzanu, ndipo ineyo kameneko ndimakadalira kwambiri. Ndikaweruka usiku, inu mutagona kale, ndimayang'ana pamwamba pa dzina lanu. Ndikaona kuti munatsegulako masana, mtima umakhala m'malo. N'chifukwa chake muonetsetse kuti nambala yanga yakunoyi inasungidwa, apo ayi foniyo izinditenga ngati mlendo.

Kadontho kobiriwira ka pa Facebook ndi Messenger ndi nkhani ina, kamazimitsidwa pakokha, tidzakonza Lamlungu tikamaimbirana. Pakagwa zadzidzidzi musadikire kuti ndioneke online, ingoimbani, ngakhale pakati pa usiku.