Jugband Blues: nyimbo ya munthu amene anzake analeka kumumva

Muli bwanji nonse, takulandiraninso! Ndikujambulira kuno ku Mangochi, dzuwa likuswa mtengo, ndiye mukamva mabelu a akabaza kumbuyoku mundikhululukire. Dinani subscribe, tiyambepo.

Choyamba, mwachangu: Jugband Blues ndi ya Pink Floyd, gulu la ku England. Anaipeka n'kuiimba ndi Syd Barrett, ndipo ndiyo yotsekera chimbale cha A Saucerful of Secrets cha 1968. Chimbalecho chikutuluka n'kuti iye atachoka kale m'gululo.

Chachiwiri, valani mahedifoni. Poyambirira Syd akuthokoza anthu pomudziwitsa kuti iye palibepo. Chapakati pakulowa malipenga a Salvation Army, ndipo Syd ankafuna kuti aliyense alize zake. Phokoso likukwera ngati padooko ngalawa zikangofika ndi usipa, aliyense akukuwa mtengo wake, palibe womva mnzake. Kenako zii. Patsala gitala ndi mawu a munthu mmodzi, akufunsa kuti loto n'chiyani kwenikweni. Ine pamenepo thupi limachita tsembwe.

Chachitatu, bodza lomwe limandinyansa. Ati Syd anapenga ndi mankhwala ozunguza bongo basi, n'kukathera moyo wake wonse m'chipatala cha amisala. Ayi ndithu! Zoti ankamwa mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD n'zoona. Zoti ankavutika m'maganizo n'zoonanso, moti nthawi zina ankangoima pasiteji osaimba. Koma mu 1970 munthuyu anatulutsa zimbale ziwiri payekha, ziwiri anzanga! Pambuyo pake anabwerera kwawo ku Cambridge, n'kuyambiranso dzina lake lenileni la Roger. Ankajambula zithunzi, kusamalira maluwa pakhomo, kupalasa njinga kukagula zofunika. Anamwalira mu Julaye 2006 ali ndi zaka 60, ndi khansa ya kapamba. Mlongo wake, yemwe ankamuyang'anira, anakana zoti mchimwene wakeyo anali wamisala.

Ifenso kuno timatero. Wina akayamba kudzipatula kapena kulankhula yekha, msangamsanga "n'chamba", "amulodza", "mupite naye ku Zomba", tisanakhale naye pansi n'kumufunsa chomwe chikumuvuta. Anzake a Syd, tsiku lina mu Januwale 1968 akupita kokaimba, anangogwirizana m'galimoto kuti asakamutenge.

Chachinayi tichisiye, bandulo yanu ingathe. Tumizirani mnzanu vidiyoyi pa WhatsApp. Sabata yamawa ndikufotokozerani za 1975, pomwe Syd anatulukira ku situdiyo yojambulira nyimbo ya Abbey Road atameta mpala ndi nsidze zomwe, anzake aja osamuzindikira.