Zogula ku Lusaka musanakakwere bwato ku Siavonga

(Kamera yaloza m'buti ya galimoto pamalo oimikapo magalimoto m'mbali mwa msewu wa Kafue. Muli makuulabokosi atatu, thumba la unga ndi zigubu za madzi.)

Muli bwanji abale anga? Lero ndi Lachinayi, tili kuno ku Makeni, ndipo mawa m'mamawa tikutsetserekera ku Siavonga kukakwera bwato lija logonamo, limene ambiri timangoliti houseboat. Tikakhala panyanja ya Kariba masiku atatu. Funso limene mwakhala mukundifunsa ndi lakuti zakudya ndi zakumwa mumagula kuti, kuno kapena komweko? Ine ndimagula kuno, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Siavonga ndi makilomita pafupifupi 200. Mudutsa pa toll gate ya Shimabala, mudutsa Kafue, muwoloka mlatho, mutsata msewu wa ku Chirundu kutsika mapiri aja odzaza mathiraki, kenako mukhotera kumanja musanafike ku Chirundu. Maola atatu akhoza kukwana, koma thiraki ikafera pakona mukhala pamenepo. Ku Siavonga msika ulipo, mashopu alipo, mowanso uliko. Koma ndi tauni yaing'ono. Mukafika muli gulu la anthu asanu ndi atatu n'kufuna nyama ya masiku atatu nthawi imodzi, muzungulira mpaka dzuwa kupendeka, woyendetsa bwato akukudikirani padoko. Ndipo bwato likangochoka padoko, basi. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 220, inabadwa atamaliza kumanga damu mu 1959, ndipo pamene mukagone usiku ndi pagombe lopanda kantemba ngakhale kamodzi. Mukaiwala mchere, mudya ndiwo zosalala mpaka Lolemba.

Musanagule kalikonse, imbirani kaye eni bwato. Afunseni ngati muli filiji ndi chounditsira, komanso ngati zimenezo zimayaka usana ndi usiku kapena pokhapokha jenereta ikalira. Afunseninso ngati mapoto, gasi ndi mbaula zilimo. Ndiye pali funso limene anthu amachita nalo manyazi: ogwira ntchito m'bwatomo adya za ndani? Nthawi zambiri mumakhala woyendetsa, wophika ndi mnyamata wothandiza. Mabwato ena amawapatsa chakudya chawo, ena amayembekezera kuti mlendo awawerengere. Ine ndimawawerengera ngakhale andiuze kuti ndisade nkhawa. Simungamaotche michopo pamaso pa munthu amene akuyendetsa moyo wanu pamadzi, iye akungomeza malovu.

(Akutsegula kuulabokosi. Muli mabotolo a madzi a malita asanu, ouma gwa.)

Apa ndipo pagona nkhani. Ulendo wanga woyamba, ndikuuzeni zoona, tinagula mowa ngati tikukatsegula bala. Makireti anadzaza buti mpaka matayala kuphwa. Madzi oundana tinagula timatumba tiwiri, tikumati ena tikapeza komweko. Kufika kuja, magetsi anali atazima kuyambira usiku, ndipo shopu iliyonse imene tinalowa, chounditsira chinali chithaphwi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anafikako m'chigwa cha Zambezi nthawi imeneyo akudziwa kuti kutentha kumafika madigiri 40. Tsiku lachiwiri mowa unali ngati tiyi wa m'mawa. Nkhuku titazitsegula, wophika, bambo wachikulire ndithu, anangonunkhiza kamodzi, kundiyang'ana, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Abwana, muli ndi kabichi?" Tinadya kabichi masiku awiri, Mosi wofunda ali m'manja.

Zozima magetsi si zachilendo kwa ife. Mukukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa nyanja yomweyi, tinkakhala pafupifupi tsiku lonse mumdima. Choncho madzi oundana musadalire kukagula kutsogolo. Tengani mabotolo a malita asanu, muwaike m'chounditsira kunyumba masiku awiri kapena atatu ulendo usanafike. Musadzaze mpaka pakamwa, madzi akaundana amatupa ndipo botolo limang'ambika. Chibuluma chachikulu chotere chimachedwa kusungunuka kusiyana ndi timiyala tija ta m'timatumba, ndipo chikasungunuka mumamwa madziwo.

Makuulabokosi asiyanitseni. La zakumwa limatsegulidwa mphindi iliyonse, kuzizira kumathawa. La nyama likhale lotseka, pamthunzi, mulifunditse thaulo lonyowa, ndipo wolitsegula akhale wophika yekha. Nyamayo iundane kunyumba, muimange m'timapaketi ta chakudya chimodzichimodzi. Nkhuku ndi masoseji idyani tsiku loyamba, ya ng'ombe ibwere pambuyo.

Madzi akumwa, tiyeni tiwerengere limodzi. Ife tilipo 8, ogwira ntchito 3, tonse 11. M'kutentha kuja ndimaika malita 4 pa munthu patsiku, kuphatikizapo tiyi ndi nsima. Masiku atatu ndi malita 132, ndiye zigubu za malita 20 zikhale zisanu ndi ziwiri. Mukuona ngati zachuluka? Palibe ulendo umene ndinabwerako ndi chigubu chodzaza.

(Ku Soweto Market m'mamawa. Phokoso la mawilibala, mayi akusanja tomato.)

Zamasamba ine ndimabwera kuno ku Soweto kukadali mbandakucha, katundu akungotsika kumene m'magalimoto. Tomato musatenge wopsa yekhayekha. Auzeni amayi akusakanizireni ndi wina wosapsa bwino, akapsera m'bwato. Anyezi, kabichi, impwa, mbatata ndi mandimu zimapirira. Repu ndi chibwabwa zikagona usiku umodzi pakutentha zimafota ngati nsanza, tengani zodya tsiku lomwelo basi. Amayi, mbasela musaiwale, ndine kasitomala wanu wakale!

Zina zonse, unga, mpunga, mafuta ophikira, shuga, mkaka wa m'mabokosi, mazira, buledi, sopo, mupeza m'mashopu akuluakulu a m'mbali mwa msewu wa Kafue womwewu, osafunikira kulowa m'tauni. Malasha gulani m'njira. Mankhwala othamangitsa udzudzu musawasiye, kuchigwa kuja malungo ndi enieni.

(Pamashelefu a zakumwa.)

Tsopano mowa. Tengani wam'zitini. Ndikudziwa, ena mumati Mosi amakoma m'botolo, sindikukana. Koma m'bwato aliyense amayenda wopanda nsapato, pansi pamakhala ponyowa, ndipo botolo likasweka chipatala chili kutali. Zitini zimazizira msanga, n'zopepuka, mukamwa mumaziphwanya n'kubwerera nazo kumtunda m'thumba la zinyalala. Vinyo tengani wa m'bokosi. Zakumwa zaukali botolo limodzi kapena awiri n'zokwana gulu lonse, chifukwa dzuwa la kumeneko limawonjezera lokha mphamvu ya mowa. Gulani m'shopu ya laisensi. Boma linaletsa tujilijili, mowa waukali uja wa m'timapaketi ta pulasitiki, mu 2012, koma zakumwa zokayikitsa za m'timabotolo totchipa zikadalipo, ndipo pakati panyanja si pamalo poyesera mimba. Lamulo mukulidziwanso, wosakwana zaka 18 sagula ndipo sapatsidwa. Anthu osamwa ndi ana muwakumbukire: maheu, majusi, zoziziritsa kukhosi, zimatha msanga kuposa mowa chifukwa omwa mowa nawonso amazisakanizira.

Woyendetsa galimoto mawa asalawe kanthu kufikira titaimika padoko. Ndipo m'bwato, munthu akayamba kuona ngati ndi katswiri wosambira atamwa zitini zinayi, mugwireni malaya. Ng'ona za pa Kariba n'zazikulu, mvuu ziliponso, ndipo wonena ngati pali posambira ndi woyendetsa bwato yekha.

Chimene sindigula ku Lusaka ndi nsomba. Kunyamula kapenta kupita naye ku Siavonga n'kuseketsa anthu. Kapentayu anachokera ku nyanja ya Tanganyika, anamubweretsa m'zaka za m'ma 1960, ndipo usiku mukaona magetsi ali mbuu pamadzi ngati tauni, amenewo ndi asodzi akumukopa ndi kuwala. Pamsika wa ku Siavonga mumupeza wouma bwino, pamodzi ndi bream yatsopano. Eni dera ndi Atonga, ndiye mukafika m'mawa yambani ndi "mwabuka buti", mukagula munene "twalumba". Nyamulaninso ndalama zapamanja, za masinthidwe ang'onoang'ono, chifukwa netiweki ikavuta ndalama za pafoni zimangokhala manambala.

(Akutseka buti, kenako akutsegulanso, akufufuza m'thumba.)

Machesi. Ndaiwala machesi. Dikirani pomwepo, ndikubwera.