Dunkleosteus: nsomba yopanda mano imene inkaphwanya mafupa

Mukaona chigaza cha nsomba yakalekale imeneyi, mungaganize kuti kukamwa kwake kuli mano osongoka. Zosongoka zili kukamwazo si mano ayi. Nsomba imeneyi, Dunkleosteus, inalibe dzino ngakhale limodzi. Amenewo ndi mafupa a nsagwada zake, akuthwa ngati sizasi. Ikatseka pakamwa, fupa lakumwamba linkakhulana ndi lakumunsi, ndiye ankangonoleka okha moyo wake wonse. Ndi nsagwada zimenezi inkatha kuboola nsomba zinzake zokutidwa ndi mafupa. Kuyasamula kwake kunalinso kwa mwadzidzidzi, moti madzi ankalowa mwamphamvu n'kukokera nyama m'kamwa isanathawe.

Inkakhala m'nyanja zaka zoposa 358 miliyoni zapitazo, m'nyengo yotchedwa Devonian, ma dinosaur asanakhaleko n'komwe. Kumapeto kwa nyengoyo mpweya wa okosijeni unachepa m'nyanja zambiri, ndipo gulu lonse la nsomba za mtundu wake, ma placoderm, linatheratu.

Mafupa ake ambiri amapezeka m'miyala yakuda ya ku Ohio, ku America. Mu 1867 Jay Terrell, munthu wokonda kusonkhanitsa mafupa akale, anayamba kuwafukula m'mbali mwa nyanja yotchedwa Lake Erie, ndipo mu 1956 nsombayi inapatsidwa dzina polemekeza David Dunkle, katswiri wa mafupa akale amene anagwirapo ntchito ku Cleveland Museum of Natural History. Ena apezekanso ku Morocco, Belgium ndi Poland.

Koma nkhani imene imandikoka mtima ndi ya kukula kwake. Mutu ndi chifuwa zokha n'zimene zinali ndi mafupa olimba. Thupi lotsalalo linali la chichereŵechereŵe, ndiye linawola. Choncho kwa zaka zambiri akatswiri ankangoyerekezera kuchokera pa mutuwo, ena n'kufika mamita 8, ena 10, ndipo ojambula ankaipatsa thupi lalitali longa la shaki.

Mu 2023 Russell Engelman wa ku Case Western Reserve University anayeza mitu ndi matupi a nsomba zambirimbiri, zamoyo ndi zakale zimene zinasungika zathunthu. Anaona kuti mtunda wochoka padiso kufika kumapeto kwa mutu umagwirizana kwambiri ndi kutalika kwa thupi lonse. Atagwiritsa ntchito muyezo umenewu, anapeza kuti Dunkleosteus wokhwima msinkhu ankatalika pafupifupi mamita 3.4, ndipo wamkulu koposa onse odziwika anali pa mamita 4.1. Inali nsomba yaifupi, yojintcha, yolemera kuposa tani imodzi, ndipo pakamwa pake panali pachikulu modabwitsa poyerekeza ndi thupilo.