Mukufuna kusiya mowa koma nokha zikukanika? Tikambe za magulu othandizana

(Kamera ili pa Chitakale, phiri likuoneka kumbuyo)

Moni moni abale anga, lero ndili pa Chitakale, phiri la Mulanje ilo lafunda mitambo. Nkhani ya lero ndiyovutirapo pang'ono, nde khalani pansi kaye.

Tonse tikumudziwa munthu uja, mwina ndi malume anu, mwina ndinu nomwe, amathyola tiyi mwezi wonse dzuwa mvula zili pamsana, tsiku la malipiro akangolowa kokachasu basi, akutuluka mawa lake m'thumba mulibe olo ya sopo. M'mawa matsire ali tho, akulumbira kuti sindidzamwanso, pofika Loweruka wabwerera. Anthu timangoti chidakwa chilibe manyazi. Koma ine ndimati munthu ameneyu akulimbana yekha ndi chinthu chimene sichitheka pawekha.

Mu 1935 ku Akron, ku America, anthu awiri amene mowa unawasautsa, Bill Wilson ndi dokotala wina Bob Smith, anakumana n'kuona kuti akamacheza za vuto lawo tsiku limatha osamwa. Ndi mmene inayambira Alcoholics Anonymous, ambiri amangoti AA, gulu la anthu amene amakumana kuti athandizane kusiya mowa, pano ili m'maiko ambirimbiri. Awiri basi. Chiwerengero chimenechi muchisunge, tibwererako.

Nde kumsonkhanoko kumachitika chani? Anthu amakhala pamipando kapena pamabenchi, nthawi zambiri ola limodzi, wina amatsegula, kenako aliyense wofuna amafotokoza zake, mmene ankamwera, zimene anataya, mmene wadutsira sabata imeneyi. Palibe wokudulani pakamwa, palibe wokulalikirani. Mumatchula dzina loyamba lokha, ndipo zomwe mwamva ndi amene mwamuona zimatsala konko. Izi kwathu kuno ndi zofunika kwambiri chifukwa eee, nkhani ikayamba pachigayo pa Limbuli pofika madzulo yafika ku Muloza. Kulowa ndi ulere, kambale kamayenda koponyamo amene ali nazo, ngati mulibe mumangodutsitsa. Chimene amafuna kwa inu ndi chimodzi, mtima wofuna kusiya. Olo munamwa dzulo, bwerani.

Ndipo tsiku loyamba simukuyenera kulankhula ayi. Mungoti ndabwera kudzamvera, mwatha. Ambiri chimawaopsa ndi chimenechi, nde ndati ndinene.

Misonkhano ina ndi ya okhawo amene ali ndi vutoli, ina aliyense amaloledwa, nde ngati mukufuna kupita ndi akazi anu kapena mchimwene, funsani kaye. Achibale alinso ndi gulu lawolawo, Al-Anon, linayamba mu 1951. Mukazolowera mumasankha mnzanu amene anasiya kale, amamutcha sponsor, ameneyo ndi amene mumamuimbira foni njala ya mowa ikakugwirani 9 koloko usiku. Palinso masitepe 12 amene amatsatira, amenewo tidzawakamba mu vidiyo yakeyake. Za Mulungu zimatchulidwa koma si tchalitchi, Mkhristu, Msilamu, onse amakhala benchi limodzi.

(Kamera iyandikire)

Apa mumvetsere bwino. Ngati mumamwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalawa kaye, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Thupi linazolowera, likasowa mowa munthu atha kugwa ngati wakhunyu, ndipo pakatha masiku 2 kapena 3 ena amasokonekera, kuona zinthu zoti palibe, kutuluka thukuta, mtima kuthamanga, anthu n'kumati walodzedwa. Si ufiti, ndipo zimapha. Yambirani kuchipatala, mankhwala ake alipo. Chipatala cha boma cha Mulanje, Mulanje Mission, cha boma cha Thyolo, Malamulo ku Makwasa, pitani mukanene chilungamo, kuchuluka kwa mowa umene mumamwa musachepetse.

Muli konko ndi pomwe mufunse za gulu. Funsani namwino woona za matenda a maganizo kuti kodi pali anthu amene amakumana, funsaninso alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, abusa kapena ashehe, anthu amenewa amadziwa zambiri kuposa mmene timaganizira. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa, kutali inde, koma kwa amene zafika povuta ndi bwino kudziwa. Amene muli ndi foni yaikulu misonkhano ya AA imachitikanso pa Zoom usana ndi usiku, kamera mutha kuzimitsa, vuto lake bandulo, komanso yambiri ndi ya Chingerezi.

Nanga mwafunsa ponseponse ku Luchenza, ku Bvumbwe, ku Thekerani, gulu kulibe? Paja ndinati musunge chiwerengero chija. A AA eni ake amati anthu awiri kapena atatu akakumana ndi cholinga chosiya mowa, limenelo ndi gulu kale. Pezani mnzanu mmodzi amene naye watopa nawo, pemphani kalasi kusukulu kapena kachipinda kutchalitchi, sankhani tsiku limodzi pa sabata osalisinthasintha. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha madzulo a tsiku la malipiro, ndalama zikadali m'thumba.